Zinthu Zingati Zimakwana M'mutu Nthawi Imodzi? Kuyerekeza a Baddeley ndi a Cowan

Munthu akakutchulirani nambala ya foni inu mulibe cholembera, mumayamba kuibwereza chamumtima, milomo ikugwedera pang'ono, mpaka mutapeza pepala. Wina akakufunsani kanthu musanalembe, manambala atatu omalizira amasowa, osadziwa kumene alowera. Mphamvu yosunga kanthu m'mutu kwa masekondi owerengeka uku mukukagwiritsa ntchito, akatswiri a saikoloji amaitcha working memory. Ndi imene imagwira chiyambi cha chiganizo mpaka wolankhula atafika kumapeto, ndiponso imene imasungira mwana nambala ija waika pambali powonkhetsa masamu.

Mwa anthu amene athera moyo wawo pa nkhaniyi, awiri amatchulidwa kawirikawiri: Alan Baddeley wa ku England, wobadwira ku Leeds mu 1934, ndi Nelson Cowan wa ku America, wobadwa mu 1951, amene wakhala akuphunzitsa pa University of Missouri kuyambira 1985. Ophunzira ambiri amawadziwa ngati anthu otsutsana, wina wa zigawo, wina wa chidwi. Komatu mukaika zotsatira za kafukufuku wawo pamodzi, zambiri sizikangana. Kusiyana kwawo kwagona pa funso limene aliyense anayamba nalo, ndipo funsolo ndi limene linachititsa kuti aliyense aone mbali ina bwino kwambiri, ina n'kuilambalala.

A Baddeley anayamba ntchito mu 1958 ku Applied Psychology Unit ku Cambridge, malo a Medical Research Council amene ankafufuza mavuto enieni a pantchito. Mkulu wa pamalopo anali Donald Broadbent. Ntchito yawo yoyambirira inali ya ku positi: makodi a makalata akonzedwe bwanji kuti anthu aziwakumbukira, ogwira ntchito asamawalakwitse? Kenako anatembenukira kwa anthu osambira pansi pa nyanja, masewero amene iwonso ankawakonda, n'kumafufuza mmene kuya kwa madzi kumasokonezera kuganiza. Kafukufuku wotchuka wa 1975, amene anachita ndi Duncan Godden, anachokera komweko. Osambira amene anaphunzira mndandanda wa mawu ali pansi pa madzi anawakumbukira bwino ali pansi pomwepo kusiyana ndi atatuluka, ndipo amene anaphunzirira kumtunda zinawayendera kumtunda. Munthu wokulira pa ntchito zotere amazolowera kufunsa mwa mmisiri: chaonongeka n'chiti, chatsala bwino n'chiti, nanga ndikatsekereza apa chiime n'chiyani?

Nthawi imeneyo ganizo lolamulira linali la Richard Atkinson ndi Richard Shiffrin la 1968. Iwo ankati pali malo amodzi osungira zinthu kwa kanthawi, ndipo chilichonse chopita ku nkhokwe ya zokumbukira zokhalitsa chimayenera kudutsa pamenepo. Mu 1970 Tim Shallice ndi Elizabeth Warrington analemba za wodwala wina ku London, wodziwika ndi zilembo KF, amene anavulala m'mutu pa ngozi ya njinga yamoto. Ukamutchulira manambala, sankatha kubwereza oposa awiri. Malinga ndi ganizo lija, munthu wotere sakanatha kuphunzira chilichonse chatsopano. Koma KF ankaphunzira, ankacheza, ankakumbukira za dzulo.

A Baddeley ndi mnzawo Graham Hitch, ali pa yunivesite ya Stirling ku Scotland, analibe odwala otero pafupi, ndiye anaganiza zopanga vutolo mwa anthu abwinobwino. Ankapatsa ophunzira manambala mpaka 6 kuti awasunge m'mutu, ndipo nthawi yomweyo n'kuwapatsa ntchito yoganiza, monga kunena ngati chiganizo chofotokoza mmene zilembo A ndi B zatsatirana ndi choona kapena chabodza. Malo osungira akanakhala amodzi, manambalawo akanawadzaza, kuganiza n'kuimiratu. Zimene zinachitika n'zakuti anthuwo anachedwerapo poyankha, koma kuganiza sikunagwe. M'nkhani yawo ya 1974 anati, ndiye kuti malowo si amodzi. Pali gawo losunga mawu, gawo losunga zithunzi ndi malo a zinthu, ndi kapitawo woyang'anira zonse, amene anamutcha central executive. Chaka chomwecho a Baddeley anabwerera ku Cambridge kukalowa m'malo mwa a Broadbent, ndipo anatsogolera malowo kwa zaka zambiri, asanapite ku Bristol kenako ku York.

Mwa zigawo zitatuzi, chimene anachifufuza mpaka pansi ndi cha mawu, phonological loop, ndipo apa ndi pamene ntchito yawo imakoma. Mnzawo wina ku Cambridge, Conrad, anali ataona kale mu 1964 kuti anthu akaonetsedwa zilembo ndi maso, amasokoneza zomveka mofanana, monga B ndi V, kusiyana ndi zooneka mofanana. Ndiye kuti ngakhale choonedwa ndi maso munthu amachisandutsa mawu kuti achisunge. Mu 1975 a Baddeley, Neil Thomson ndi Mary Buchanan anaonjezera china. Mayina aafupi a mayiko monga Chad, Cuba ndi Malta anthu ankawakumbukira ambiri kuposa aatali monga Czechoslovakia, Nicaragua ndi Afghanistan. Atayeza liwiro la kalankhulidwe, anapeza kuti munthu amasunga mawu ochuluka ngati amene angawatchule m'masekondi pafupifupi awiri. Akamuuza kuti azibwereza liwu limodzi lopanda ntchito mokweza pamene akuona mndandandawo, kusiyana kwa mawu aatali ndi aafupi kunkatha, poti pakamwa patanganidwa ndipo kubwereza kwa chamumtima kwatsekedwa. Zonsezi zimalumikizana bwino: mawu amazilala msanga pokhapokha uwabwereze, ndipo aatali amadya nthawi yobwerezera.

Lamulo la masekondi awirili linafika mpaka ku Wales. Kumeneko kunkaoneka ngati ana olankhula Chiwelishi amakumbukira manambala ochepa poyerekeza ndi ana a ku America pa mayeso a nzeru. Mu 1980 Nick Ellis ndi Hennelly anayesa anthu odziwa zilankhulo zonse ziwiri, n'kupeza kuti mayina a manambala a Chiwelishi amatenga nthawi yaitali kutchula, ndipo munthu yemweyo amasunga ochepa m'Chiwelishi, ambiri m'Chingerezi. Nzeru za anawo zinalibe vuto. Kwa ife olankhula Chichewa nkhaniyi si yakutali. Kunena kuti "zisanu ndi ziwiri" ndi maphatikizo 7, pamene "seveni" ndi atatu okha. Zifukwa zimene timatchulira mitengo ya zinthu ndi manambala a foni m'Chingerezi n'zambiri, sukulu ndi malonda zili patsogolo, koma aliyense amene wayesapo kusunga nambala ya manambala khumi m'mawu a Chichewa amva yekha kuti masekondi awiri amatha asanafike pa nambala yachitatu.

Funso limene linkavutitsa a Baddeley linali lakuti, gawoli ntchito yake n'chiyani kwenikweni? Pajatu anthu sanalengedwe kuti azisunga manambala a foni. Yankho linachokera ku Italy, kwa mayi wina wodziwika ndi zilembo PV, amene sitiroko inamuononga mbali ya kumanzere ya ubongo. Iyenso ankabwereza manambala awiri okha, koma ankalankhula bwinobwino. Mu 1988 a Baddeley, Costanza Papagno ndi Giuseppe Vallar anamupatsa mawu a Chitaliyana awiriawiri kuti awaloweze, ndipo anachita ngati wina aliyense. Atamupatsa liwu la Chitaliyana lophatikizidwa ndi la Chirasha, chilankhulo chimene sankachidziwa, pomva ndi khutu sanagwire ngakhale limodzi. Chaka chotsatira Susan Gathercole ndi a Baddeley anaonetsa kuti mwana wa zaka 4 amene amatha kubwereza bwino mawu opeka opanda tanthauzo amakhala atadziwa mawu ambiri pakatha chaka. Gawo la mawu ndi chida chophunzirira chilankhulo. Ndikaona ulendo wochoka pa zilembo za Conrad kukafika pa mwana wophunzira kulankhula, sindipeza china mu saikoloji ya kukumbukira cholongosoka kuposa pamenepa.

Gawo la zithunzi silinakule chimodzimodzi. A Baddeley amasimba kuti ganizo lake linawafikira akuyendetsa galimoto ku America, akumvera mpira wa kumeneko pa wailesi. Pamene ankayesa kuona m'maganizo mmene osewera aimira, galimoto inayamba kuyenda mokhotakhota. Kuona za m'maganizo ndi kuona msewu zinkalimbirana malo amodzi. Robert Logie, amene anagwira nawo ntchito ku Cambridge, ndi amene anapitiriza mbali imeneyi.

Nanga kapitawo uja? Apa ndi pamene panali pofooka, ndipo mwini wake sanabise. Chilichonse chimene zigawo ziwiri zija sizinkafotokoza chinkaponyedwa kwa kapitawo: kusankha choti uganizire, kusintha ntchito, kugawa chidwi pawiri. Anavomera poyera kuti kapitawoyu ali ngati kamunthu kongoikidwa m'mutu kuti kazichita zimene sitinazimvetse, ndipo kuti ntchito ya asayansi ndi kukalanda maudindo amodziamodzi mpaka katatha ntchito. Mu 1986 anabwereka ganizo la Donald Norman ndi Shallice lonena za mmene munthu amaletsera chizolowezi. Anapezanso, pamodzi ndi anzawo a ku Italy, kuti odwala matenda a Alzheimer amagwa kwambiri akapatsidwa ntchito ziwiri nthawi imodzi, ngakhale ntchito iliyonse payokha itachepetsedwa kuti ifanane ndi mphamvu zawo, pamene okalamba abwinobwino sagwa choncho. Zimenezi n'zothandiza kuchipatala, koma sizinena kuti chidwi n'chiyani, kapena kuti chimanyamula zingati.

Pamene a Baddeley anasiyira ndi pamene a Cowan anayambira. Iwo anaphunzira ku Michigan, digiri ya udokotala n'kuitengera ku Wisconsin mu 1980, pofufuza mmene makanda amakumbukirira mawu amene amva. Khanda silibwereza chamumtima, silidziwa manambala, sungalipatse malangizo. Wofufuza makanda amakakamizika kuganiza za zinthu zapansi kwambiri: kumva, kuzolowera phokoso, kutembenuka pakamveka chachilendo. M'nkhani yawo ya 1988 mu Psychological Bulletin, ndi m'buku la 1995 lotchedwa Attention and Memory, a Cowan sanajambule zigawo zoyandikana. Anajambula chinthu chimodzi chokhala ndi zina m'kati mwake. Pali nkhokwe yonse ya zimene munthu akudziwa. Mwa izo, zina zimakhala zitadzuka pa nthawiyo chifukwa wangozimva, wangoziona kapena wangoziganiza, ndipo zimagonanso pakapita masekondi angapo kapena zina zofanana nazo zikazisokoneza. Mwa zodzukazo, zochepa kwambiri ndi zimene chidwi chalunjikapo, zimene munthu anganene kuti ndikuziganiza pompano. Chidwicho chimayendetsedwa ndi zinthu ziwiri: kufuna kwa mwini wake, ndi chinthu chadzidzidzi chimene chimachikoka asakufuna.

N'chifukwa chake kafukufuku wawo wambiri amachitika munthu atavala mahedifoni. Mu 1953 Colin Cherry anayambitsa njira yomvetsera munthu nkhani ziwiri, ina khutu lamanja, ina lamanzere, n'kumuuza kuti azibwereza mokweza imodzi yokha. Za khutu linalo anthu sankadziwa pafupifupi chilichonse. Mu 1959 Neville Moray anaikamo dzina la womverayo m'nkhani yosasamalidwayo, ndipo pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu analimva. Nkhani imeneyi inalowa m'mabuku onse, koma anthu oyesedwa anali ochepa. Mu 1995 Noelle Wood ndi a Cowan anaibwereza mosamala, n'kupezanso mmodzi mwa atatu, ndipo anaona kuti amene amva dzina lawo amapunthwa pa mawu angapo otsatira m'nkhani imene akubwereza, kusonyeza kuti chidwi chachokadi pamalo. Chosangalatsa chinadza mu 2001, pamene Andrew Conway, a Cowan ndi Michael Bunting anafunsa kuti amene amamva dzina ndi ati. Wina angayembekezere kuti ndi a mutu wogwira zambiri, poti ali ndi malo otsala. Zinali zosemphana. Mwa anthu amene anapeza zochepa pa mayeso a working memory, 65 pa 100 alionse anamva dzina lawo, pamene mwa opeza zambiri anali 20 okha. Kugwira zambiri m'mutu kumayenda limodzi ndi kutha kutsekera kunja zosafunika.

Chimene chinatchukitsa a Cowan ndi nambala 4. Mu 1956 George Miller analemba nkhani yodziwika dziko lonse yonena kuti munthu amasunga zinthu pafupifupi 7, kuchotsapo kapena kuonjezerapo ziwiri. A Miller analemba nkhaniyo mosekaseka, ndipo mfundo yawo yaikulu inali ina: choyenera kuwerengedwa si chinthu chimodzichimodzi koma gulu la zinthu zimene munthu wazimanga pamodzi. Zili ngati tomato wa pamsika, amene wogulitsa sawerenga mmodzimmodzi koma milu. Kwa munthu wa ku Malawi, 0999 kapena 0888 kumayambiriro kwa nambala ya foni ndi mulu umodzi, osati manambala anayi. A Cowan anati 7 uja ndi wonenepetsedwa ndi zinthu ziwiri, kuunjika milu ndi kubwereza chamumtima. Ukatseka zonse ziwiri, chotsala ndicho mlingo weniweni wa chidwi. Mu 2001, mu Behavioral and Brain Sciences, anasonkhanitsa umboni wa mitundu yambiri woloza pa milu yapakati pa 3 ndi 5, kawirikawiri 4. George Sperling mu 1960 ankathwanimitsa zilembo 12 kwa kamphindi, anthu n'kutchula pafupifupi 4. Steven Luck ndi Edward Vogel mu 1997 ankaonetsa timabokosi ta mitundumitundu, ndipo anthu ankazindikira kusintha bwino mpaka timabokosi pafupifupi 4, kupitirira apo n'kuyamba kuphonya.

Njira imene a Cowan eni ake anagwiritsa ntchito mu 1999 ndi yoyenera kuiona pafupi. Munthu amakhala pa kompyuta akusewera gemu yofuna maso ndi maganizo, m'mahedifoni mukumveka mindandanda ya manambala imene wauzidwa kuti asaisamale. Mindandanda yambiri imadutsa popanda funso. Mwadzidzidzi gemu imaima, ndipo amafunsidwa manambala amene angomveka kumene. Sanawabwereze, sanawaunjike milu, poti maganizo ake anali kwina. Chimene angachite n'kutembenukira ku kamvekedwe kamene kakuzilala m'khutu n'kutolapo zimene chidwi chinganyamule. Akuluakulu ankatola pakati pa 3 ndi 4, kaya mndandanda ukhale wautali kapena waufupi, ndipo ana ankatola zochepera apo. Ngakhale nkhani ya wophunzira wa ku Carnegie Mellon wodziwika ndi zilembo SF, imene Anders Ericsson, William Chase ndi Steve Faloon analemba mu 1980, siiphwanya lamuloli. Mnyamatayo anachoka pa manambala 7 kufika pafupifupi 80 atayeserera kwa miyezi yambiri. Anali wothamanga, ndipo ankasandutsa manambala atatu kapena anayi kukhala nthawi ya mpikisano wothamanga, kenako n'kumanga timagulu timeneti m'magulu akulu. Atapatsidwa zilembo m'malo mwa manambala, anabwerera pa 6.

Tsopano tiwaike pamodzi. Pa nkhani ya ana, awiriwa amafotokoza chinthu chimodzi m'njira ziwiri. Mwana wa zaka 5 amasunga zochepa kuposa wa zaka 11, zimenezi aliyense akuvomereza. Otsatira a Baddeley amaloza pakamwa: mwana akamakula amalankhula mofulumira, ndipo cha m'ma zaka 7 amayamba kubwereza chamumtima mwadala. A Cowan amati zimenezo n'zoona koma sizikwana, chifukwa ngakhale utatseka kubwereza, kapena kupatsa ana zizindikiro zimene wamkulu ndi wamng'ono onse sazidziwa, wamkulu amagwirabe zambiri. Mlingo wa chidwi umakula pawokha. Apa ine ndili ndi a Cowan, chifukwa umboni wawo umachotsa zifukwa zinazo chimodzichimodzi, pamene liwiro la kulankhula limangokula limodzi ndi zina zonse zimene zikukula mwa mwana, ndipo n'zovuta kunena kuti ndilo likukoka zinzake.

Pa nkhani ya odwala, ndimabwerera kwa a Baddeley. Mayi PV ankamva mawu, ankalankhula, ankaganiza, chidwi chake chinali bwino, koma kusunga mawu omveka kwa masekondi awiri kunali kutapita. Njira yachidule yofotokozera zimenezi ndi yakuti pali gawo lapadera limene laonongeka. A Cowan angayankhe kuti chaonongeka ndi mbali ya nkhokwe yosunga kamvekedwe ka mawu, moti sidzuka mokwanira, ndiponso kuti ntchito ya mawu ndi ya zithunzi sizisokonezana kwambiri chifukwa chakuti sizifanana, osati chifukwa zili m'zigawo zosiyana. Yankholi n'lomveka, koma limabwera pambuyo, zotsatira zitadziwika kale. Ganizo la a Baddeley ndi limene linawatuma kukamupatsa mayiyo mawu a Chirasha.

Aliyense ali ndi funso limene limamutsamwitsa. Kwa a Baddeley funso ndi ili: fungo, kukoma kwa chakudya, kukhudza kwa khungu, nyimbo yopanda mawu, zonsezi munthu amazisunga kwa kanthawi, ndiye zimakhala m'gawo liti? Kodi tiziwonjezera gawo latsopano pa chilichonse? A Cowan savutika nazo, poti chilichonse chimene ubongo umadziwa chingathe kudzuka. Koma nawonso ali ndi lawo. Ngati kusunga kwa kanthawi ndi kudzuka kwa zimene ukudziwa kale, nanga dongosolo limasungidwa pati? Manambala 2, 7, 2 ndi 7, 2, 2 amadzutsa zinthu zomwezo, koma si nambala imodzi. Nanga dzina lachilendo limene sunalimvepo likudzutsa chiyani? A Cowan anayankha kuti chidwi chimamanga zinthu pamodzi, ndipo zomangidwazo zimalowa m'nkhokwe nthawi yomweyo ngati chinthu chatsopano chophunziridwa. Mwina n'zoona, koma yankholi likupatsa chidwi ntchito zambiri, ndipo munthu amayamba kukumbukira kapitawo uja wolandira zonse zosowa kopita.

Mu 2000, patatha zaka 26, a Baddeley anawonjezera gawo lachinayi, episodic buffer. Chinawakakamiza ndi zinthu ngati izi: munthu amasunga mawu osagwirizana 5 kapena 6, koma akakhala m'chiganizo chomveka amasunga pafupifupi 15, zimene sizingakwane m'masekondi awiri. Panafunika malo amene mawu, zithunzi ndi zodziwa kale zimakumana n'kumangidwa pamodzi, malo amene munthu amazindikira zimene zilimo, okwana milu pafupifupi 4. Aliyense wowerenga mafotokozedwe amenewa amaona kuti akufanana kwambiri ndi chidwi cha a Cowan. A Baddeley eni ake, m'nkhani yowunika ntchito yawo yonse mu 2012, anati kusiyana kwawo ndi a Cowan kwagona makamaka pa mayina ndi pa zimene aliyense amatsindika. Ena amatenga zimenezi ngati kugonja. Ine ndimaona kuti munthu amene anayamba ndi m'mphepete, mawu ndi zithunzi, anayenda mpaka anafika pakati, n'kupeza mnzake alipo kale, pamene mnzakeyo za m'mphepete anazifotokoza mwapatalipatali. Mukafuna tsatanetsatane wa chifukwa chimene B ndi V zimasokonezekera, simukamupeza wochuluka kwa a Cowan.

Makina ojambula ubongo sanagamule mlanduwu. Mu 1993 Eraldo Paulesu ndi anzake anapeza malo osiyana kumanzere kwa ubongo okhudzana ndi kusunga mawu ndi kuwabwereza, zokomera a Baddeley. Mu 2004 Jay Todd ndi René Marois anapeza malo ena cha kumbuyo kwa mutu amene ntchito yake imakwera zinthu zosungidwa zikamachuluka, n'kuima pa 3 kapena 4, zokomera a Cowan. Ndipo nambala 4 yomweyo ili ndi oitsutsa mbali zonse. Klaus Oberauer amati pakatikati pa chidwi pamakhala chinthu chimodzi chokha pa nthawi, zinazo zili pafupi podikira. Paul Bays ndi Masud Husain mu 2008 anati palibe malo owerengeka, koma mphamvu imodzi yogawika, moti zinthu zikachuluka chilichonse chimakumbukiridwa mosalongosoka.

Kwa mphunzitsi amene ali ndi ana ambiri m'kalasi, malangizo ochokera mbali zonse ziwiri ndi amodzi, ngakhale zifukwa n'zosiyana. Gathercole ndi Tracy Alloway analemba kuti ana ofooka pa working memory kawirikawiri amatengedwa ngati osamvera kapena olota masana, pamene chachitika n'chakuti malangizo anali aatali ndipo theka lake linagwa panjira. Mwana wauzidwa kuti atenge kope, atsegule tsamba lakutilakuti, alembe tsiku, ndipo ayankhe mafunso atatu oyamba, iye n'kungokhala ndi kope lotseka m'manja. Wa a Baddeley anganene kuti malangizowo aposa masekondi awiri, wa a Cowan anganene kuti aposa milu imene mwana wa msinkhu umenewo anganyamule. Chothandiza n'kudula malangizo, kulemba pa bolodi, ndi kumanga chatsopano pa zimene mwana akudziwa kale kuti milu ikule. Za magemu a pa kompyuta olonjeza kukulitsa working memory, kuwunika kwa Monica Melby-Lervåg ndi Charles Hulme kwa 2013 kunapeza kuti munthu amapita patsogolo pa ntchito zofanana ndi gemuyo, koma umboni woti kuwerenga kapena masamu zimasintha ndi wosakhutiritsa.

Mtsutso weniweni umene watsala ndi wopapatiza: munthu akamasunga kanthu uku akuchita ntchito ina, kodi ziwirizi zimadya pa mphamvu imodzi, kapena chilichonse chili ndi yakeyake? Pa funso limeneli a Cowan anachita chinthu chosowa pakati pa asayansi. Anagwirizana ndi a Logie a ku Edinburgh, oimira ganizo la zigawo, komanso Pierre Barrouillet ndi Valérie Camos a ku Switzerland, amene ali ndi ganizo lachitatu lonena kuti chidwi chimathamangathamanga pakati pa kusunga ndi kugwira ntchito. Magulu atatuwa anakonza kafukufuku limodzi, gulu lililonse n'kulemba zimene likuyembekezera asanayambe, kuti pasadzakhale wonena kuti ndinkadziwa kale. Zotsatira zinayamba kutuluka mu 2019. Kuchita ziwiri nthawi imodzi kunachepetsa zosungidwa, zimene ganizo la zigawo zoima pazokha silinayembekezere mokwanira, koma mmene kuchepako kunagawikira pakati pa kusunga ndi kugwira ntchito sikunatsatire bwinobwino zolemba za magulu enawo. Palibe gulu limene linalosera zonse, ndipo onse atatu anakonzanso mbali zina za maganizo awo. China chimene chinawavuta onse n'chakuti anthu oyesedwa sachita ntchito imodzi m'njira imodzi: wina amabwereza chamumtima, wina amapanga chithunzi, wina amasintha njira ntchito ikalimba, ndipo kuwerengera pamodzi zotsatira za anthu onsewo kumabisa zimene aliyense anachita.